Makhadi a Noelia musawatumize

Houston, Texas
27 Julaye 2025

Achemwali anga okondedwa a Crisanta,

Landirani moni kuchokera kwa ine mlongo wanu Nemesio. Muli bwanji kumeneko ku La Noria? Mawondo aja akukulolanibe kukwera kachitunda ka kutchalitchi? Nanga alamu anga a Baldomero, shuga wawo ali bwanji? Akumwa mankhwala, kapena ayambiranso kubisa zotsekemera kuseri kwa matumba a chimanga? Ngati nonse muli bwino ndithokoza Mulungu. Ife kuno tilipo. Msana umandigwira m'mawa, koma dzuwa likakwera umamasuka. Amake Noelia ali bwino, kungoti masiku ano chakudya akungochitola pang'ono.

Akulemba kalatayi ndi Noelia, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikunenera, asaikemo mawu a kusukulu, ndipo tikamaliza andiwerengere yonse kuti ndimve ngati sanachotsepo kanthu. Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni ngati Lamlungu lililonse. Nkhani iyi sindikufuna idutse pa foni. Ikubwera m'manja mwa akomadire a Herlinda, mnzathu amene tili ngati abale, amene akunyamuka Lachinayi ndi katundu wawo yense. Akubwerera konko ndipo sabweranso kuno. Muwalandire bwino, musawafunse zambiri tsiku loyamba.

Kuno kukutentha kwambiri, koma mumsewu mwathu anthu sakukhalanso pakhonde madzulo. Mayi uja ankagulitsa matamale, tinsima tokulunga m'makoko a chimanga, pakona sitinamuone masabata atatu. Pamalo paja amuna ankaimirira m'mawa kudikira ganyu palibe munthu, pangotsala zitini za khofi. Misa ya Chisipanishi inkadzaza mpaka ena kuimirira pakhomo, lero ndinali ndi benchi yonse ndekha. Mumabwera magalimoto oyera opanda cholembedwa chilichonse, amaima pang'ono n'kumapita. Mwina si a imigireshoni, mwina ndi anthu wamba. Koma galimoto yotero ikaima, ngakhale ana amasiya mpira n'kulowa m'nyumba popanda wowaitana.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Mukukumbukira kuti Noelia atamaliza sekondale ndinakuuzani za lamulo la kuno. Linkati mwana amene wakulira mu Texas ndi kuphunzira m'sukulu za kuno, ngakhale alibe mapepala, alipire koleji mofanana ndi ana obadwira kuno. Chimene ankafuna ndi chikalata cha lumbiro, choti mwanayo adzapempha mapepala ake njira ikadzatseguka. Pachikalatapo pamalembedwa dzina ndi kumene munthu akukhala, n'kudindidwa chidindo.

Tsiku losaina Noelia anazengereza. Anati mwina tilembe adiresi ya kutchalitchi, kuti mawa zinthu zikadzasintha asadzadziwe khomo lathu. Ine ndinakwiya. Ndinamuuza kuti bambo athu ankasaina ndi chala, koma chinali chala chawo, sanabwerekepo cha munthu. Ndinati alembe dzina lonse, msewu ndi nambala ya nyumba, chifukwa mwana wa Arriaga salowa sukulu ngati wakuba. Ndinavala malaya oyera ndi chipewa changa chabwino, ndinamuperekeza, ndipo ya chidindo ndinalipira ndine. Analemba zonse monga ndinanenera. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ankandimvera.

Zaka zinayi wakhala akuphunzira za kamangidwe ka misewu ndi milatho. Inu mukudziwa kuti ine ndathira konkire m'misewu ya mzinda uno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuyambira chaka chimene ndinawoloka naye ali ndi zaka zitatu, ali pamapewa panga. Pantchito amabwera anyamata a zipewa zoyera atanyamula mapulani, ife n'kumachita zimene mapulaniwo anena. Ndinkawayang'ana, mumtima ndikuti wanga akubwera. Anatsala ndi teremu imodzi yokha, maphunziro anayi, kuti Disembala alandire digiri.

Mu Juni khoti linathetsa lamulo lija. Ife tinamva pa wailesi tili patebulo. Mwezi uno kwabwera kalata yochokera ku koleji. Akuti pofika pa 15 Ogasiti aonetse mapepala oti ali m'dziko muno movomerezeka, apo ayi alipire fizi ya alendo ochokera kunja. Fiziyo ndi yoposa katatu imene takhala tikulipira. Mlendo, achemwali. Mwana amene Chisipanishi chake mumachiseka pa foni kuti akulankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Njira ya ku La Noria saidziwa, koma kuno akuti ndi mlendo.

Noelia anaiwerenga kalatayo ataimirira m'khitchini, amake akuphika matortiya, timikate tathu topyapyala ta chimanga. Atamaliza anaipinda bwinobwino n'kunena kuti, “Ababa, basi, zathera pompa.” Tortiya ya amake inapsa pachiwaya mpaka utsi. Ine ndinatenga chipewa n'kutuluka panja, chifukwa sindinafune aone nkhope yanga.

Apa ndi pamene nkhani ya phwando la digiri yake ikulowera. Mukudziwa kuti ndinayamba kukonzekera kale. M'nyengo ya Lenti ndinayenda nyumba ndi nyumba ndi dengu la zipatso, buledi ndi botolo, monga ankachitira makolo athu popempha padirino, munthu wosenza gawo la ubatizo kapena la phwando. Wina anavomera oimba, wina nyama, wina keke, wina mphete, wina holo, mpaka anakwana mabanja khumi ndi anayi, amene tsopano ndi akompadire ndi akomadire athu. Inu munavomera makhadi oitanira anthu, ndipo ndinakutchulirani mayina onse pa foni kuti akalembedwe ndi zilembo zagolide, asasiyidwe ngakhale mmodzi. Munandiseka. Munati, “Iwe Nemesio, phwando la Disembala makhadi mu Malichi? Udzasiya liti kuthamanga?” Ndinakuyankhani kuti injiniya woyamba wa banja lathu saitaniridwa anthu ndi uthenga wa pa foni. Ndikuvomera lero kuti munkanena zoona.

Ndili panja paja ndinaganiza kuti ngati anthu anavomera kusenza phwando, angathenso kusenza sukulu. Mawa lake ndinagula zipatso, ndinatenga dengu lomwe lija, n'kuyambanso ulendo kwa anthu omwe aja. Munthu wa msinkhu wanga kugogoda kawiri pakhomo limodzi chaka chimodzi si chinthu chopepuka. Noelia anakana kuti ndipite ndekha, anabwera nane.

Tinayambira kwa akompadire a Anselmo, padirino wa oimba. Ataona dengu anagwira pamutu n'kufuula kuti, “Kompadire, dengu linanso? Ukalamba wonsewu mwaberekanso? Amake Noelia mukuwapha inu!” Titakhala pansi ndinawafotokozera. Anasiya kuseka. Kenako anafunsa kuti ngati oimba kulibe, iwo akhala padirino wa chiyani. Noelia anawauza kuti limodzi mwa maphunziro otsalawo ndi la dothi, momwe limanyamulira kulemera kwa mlatho. A Anselmo anamenya tebulo. Anati iwo akumba ngalande zaka makumi anayi, dothi la mzinda uno alidya ndi kulimwa, lero akalipire kuti mwana aphunzitsidwe dothi ndi munthu wa manja osalala? Anati, “Bwera nane kuntchito mawa, mwana iwe, ndikuphunzitsa ulere, fosholo ndikubwereka.” Koma analowa kuchipinda n'kubwera ndi ndalama zonse za oimba zili mu sokosi. Potiperekeza anati pamlatho woyamba umene Noelia adzamange adzalembepo penapake pansi kuti dothi analipira ndi Anselmo.

Akomadire a Herlinda anapereka za keke. Ndi tsiku limenelo anatiuza kuti akupita. Anati atopa kudzidzimuka aliyense akagogoda, ndipo kuli bwino akadwalire kwawo.

A Rutilio, padirino wa mphete, ndi okhawo pagulu lathu ali ndi mapepala. Anatilandirira pakhonde. Anati lamulo ndi lamulo, ndipo anthu ngati ife tikanamakhala mwakachetechete zinthu sizikanafika apa. Anatinso mtsikana wanzeru ngati ameneyu akanangopeza mwamuna wa kuno n'kukwatiwa, nkhani yonse ikanatha kale. Noelia anawafunsa ngati iwo anakwatira amayi aja chifukwa cha nzeru kapena chifukwa cha mapepala. Ndinamudzudzula pamaso pawo, koma m'galimoto sindinamunene. Dengu anasunga, ndalama sanapereke.

Nyumba imene ndikufuna mumve bwino ndi ya akompadire a Leobardo, padirino wa nyama. Anali atalonjeza mbuzi zitatu. Tinagogoda masana, makatani onse ali otseka. Patapita nthawi akazi awo a Amparo anatsegula pang'ono, tcheni chili chokoleka. Atationa ndi pamene anamasula. A Leobardo anatengedwa ndi a imigireshoni pa 2 Julaye ali padenga la nyumba imene ankafolera, iwo ndi anzawo asanu. Galimoto yawo inabwezedwa ndi mnzawo, chakudya cha masana chili pampando chosatsegula. Mpaka lero a Amparo sakudziwa kumene akusungidwa. Wina akuti ali m'dera lomwe lino, wina akuti anawapititsa kutali. Ine sindinadziwe chilichonse, chifukwa masiku ano zotere anthu sauzana msanga.

Za fizi sindinatchule. Ndinangoika dengu patebulo. Titaimirira kuti tizipita a Amparo anandigwira mkono n'kundifunsa za makhadi. Anafunsa ngati dzina la amuna awo lilipo, ndi lawo lomwe. Ndinati lilipo, ndi zilembo zagolide, pamzere wachiwiri. Ndinanena monyadira, achemwali, ndinkaganiza kuti ndikuwatonthoza. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, “Kompadire, mwatilemba tonse. Mayina athu, tchalitchi, holo, tsiku ndi ola loti adzatipezere pamodzi. Mwangosiya kuwatumizira galimoto yodzatitengera.”

Ndinabwerera kunyumba. Ndinayamba kuwerenga pamtima zimene zili pakhadipo. Dzina la Noelia lonse, dzina la koleji, adiresi ya nyumba yathu ya alendo ofika msanga, ndi mabanja khumi ndi anayi, mwamuna ndi mkazi. Kupatula a Rutilio, palibe ali ndi mapepala. Makhadi zana limodzi ndi makumi asanu. Akanadutsa pamlatho wa m'malire m'galimoto ya a Filemón, onyamula katundu wa anthu kubwera kuno aja, ndipo akuti masiku ano katoni iliyonse akuitsegula. Akanafika kuno akanamatidwa pamafiriji, kusiyidwa m'magalimoto, kutayidwa m'mabini. Mwina palibe amene akanawerenga. Mwina ndikuopa mthunzi. Koma a Leobardo nawonso ankati padenga palibe angawakwerere.

Ndalama zimene tasonkhanitsa, pamodzi ndi zimene tinasunga ife ndi makina anga odulira konkire amene ndagulitsa, zikwanira maphunziro awiri mwa anayi aja. Noelia poyamba anati asiye, azikakolopa maofesi ndi amake mpaka zinthu zidzasinthe. Tinakangana masiku atatu. Anandiuza kuti vuto si ndalama zokha. Ngakhale tilipire fizi ya alendo, chikalata chija chili mu ofesi ya koleji, ndipo amene alipire fizi imeneyi mwezi wamawa akhala ngati wavomera ndi pakamwa pake kuti mapepala alibe. Anapita kukafunsa ngati mayinawo angaperekedwe kwa a boma. Mayi wa mu ofesimo akuti anali wachifundo, anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti pakadali pano sanauzidwe kuti apereke. Noelia anafunsa za mwezi wamawa. Mayiyo anangoyang'ana pakompyuta. Loya amene amabwera kutchalitchi Loweruka nayenso akuti sakudziwa, ndipo amene anganene kuti akudziwa akunama.

Tsiku lachinayi Noelia anadzuka n'kunena yekha kuti apita. Sindinamukakamize, ndaphunzira. Akuti ngati dzina lake ali nalo kale, kuli bwino akamupeze m'kalasi kusiyana n'kumupeza atagwira chokolopera. Atenga awiri tsopano, awiri enawo mu Januwale ngati Mulungu alola ndiponso ngati tidzakhale tikadali pano. Galimoto sayendetsanso, poti alibe laisensi ndipo apolisi akakuimitsa masiku ano nkhani siithera pamsewu. Azikwera mabasi awiri, ola limodzi ndi theka kupita, chimodzimodzi pobwera. Msewu waukulu umene basi yachiwiri imadutsa, konkire yake ndinathira nawo ndine. Ndamuuza kuti akamadutsa azidziwa kuti pansi pake pali thukuta la bambo ake. Akuti n'chifukwa chake basi imadumpha pamenepo.

Chizindikiro cha koleji chimene ndinamata kumbuyo kwa galimoto yanga ndachichotsa ndi madzi otentha ndi mpeni. Chinakana kuchoka, chasiya banga. Koma kalata yomulandira ku koleji imene ili m'felemu pabalaza sindinaitsitse, ndipo sindiitsitsa.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. A Filemón akunyamuka ndi katundu wa anthu pa 9 Ogasiti. Makhadi aja musawapatse. Muwaotche. Ndikudziwa kuti munagulitsa nkhumba yanu kuti asindikizidwe pa pepala lolimba, ndipo munandiuza kuti mwawakulunga m'nsalu ya patebulo ya amayi kuti asadetsedwe. Ndikukupemphani chinthu chowawa, ndikudziwa. Musawataye kudzala, musapatse adzukulu kuti aziseweretsa, musagawireko anansi kuti asunge chikumbutso, chifukwa masiku ano munthu amajambula chinthu ndi foni, mawa chafika kuno ife tisanadzuke. Muwaotche nokha pamoto wa kukhitchini, muimirire pomwepo mpaka athe. Mukapitenso kwa wosindikiza uja mukamuuze afufute mayinawo m'makina ake inu mukuona. Akafunsa chifukwa, muuzeni kuti mlongo wanu ndi wothamanga, analakwitsa tsiku. Si bodza.

Limodzi lokha musunge. Mutenge sizasi mudule mayina a anthu onse, mudule adiresi, mudule dzina la koleji ndi tsiku. Musiye kachidutswa kapamwamba pamene palembedwa kuti Noelia Arriaga Tovar, Injiniya. Kameneko mukaike kuseri kwa chithunzi cha bambo ndi amayi. Iwo okha ndi amene angaone popanda kuuza munthu.

Apa Noelia waima, akuti zotsatirazi ndisanene m'kalata. Ndamuuza kuti alembe, chifukwa pamaso pake ndalephera kunena masabata atatu, ndipo mwina kudzera mwa inu nditha. Tsiku losaina lija mwanayu anaona patali kuposa ine. Ndinamulembetsa khomo lathu chifukwa ndinkafuna kuimirira mowongoka pamaso pa munthu wa chidindo uja, munthu amene sanandiyang'ane n'komwe. Ndinalembetsa anzanga pakhadi chifukwa ndinkafuna mudzi wonse uone kuti Nemesio, amene sukulu anasiyira kalasi yachiwiri, ali ndi anthu ndipo ali ndi injiniya. Kunyada kunali kwanga, koma mayina amene ndinaika poyera ndi a ena. Mwana wanga, undikhululukire. Lemba choncho, usasinthe.

Chinanso, ndipo ili si pempho lachiwiri, ndikungonena. Chipinda chakumbuyo chija, cha zenera loyang'ana ku mtengo wa mapeyala, chaka chino musaikemo chimanga. Muchisese, denga lake a Baldomero aliyang'ane mvula isanathe. Sindikunena kuti kukubwera munthu. Koma mukadzamva kugogoda n'kupeza mtsikana wamtali wa magalasi, wolankhula ngati ali ndi mbatata m'kamwa, alibe chikwama, alibe ife, musadzamufunse kuti ndi mwana wa yani. Nkhope ndi ya amayi athu, mudzamudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Baldomero. Moni kwa ana anu onse, Efraín ndi mkazi wake, Lidia ndi amuna ake, ndi adzukulu amene ndimangowadziwa mawu. Moni kwa azakhali a Petra ngati akumvabe, mukawauze mokweza kuti ndili bwino. Mukapita kumanda mukaike maluwa kwa bambo ndi amayi m'dzina langa. Amake Noelia akupereka moni, akuti muziwakumbukira a Leobardo ndi a Amparo m'mapemphero. Noelia nayenso akupereka moni, akuti sakulira, ndi thukuta ladontha papepala.

Lamlungu ndidzaimba monga mwa masiku onse. Za kalatayi tisadzatchule. Mukadzakhala mutaotcha, mudzangondiuza kuti nyemba zapsa, ndidzamva.

Wandiwerengera yonse, sanachotsepo kanthu. Pansipa ndisaina ndekha ndi dzanja langa. Noelia akuti ndingolemba dzina loyamba lokha, ndipo ulendo uno ndamumvera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Nemesio